Msangu wa Ibrahim El-Salahi

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchoka kuno ku Chintheche kulowera ku Nkhotakota ndi ku Salima amaudziwa msangu. Ndi mtengo wamakani. Mvula ikagwa, mitengo inzake n'kuvala masamba, iwo umayoyola ake n'kuima wopanda kanthu pakati pa chimanga. Dzuwa la Okutobala likawaula tchire lonse, m'pamene umabiriwira. Alimi amausunga m'munda chifukwa masamba ake amabwezera chonde m'nthaka ndipo sutchingira mbewu dzuwa. Mtengo womwewu umameranso m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene amautcha haraz, ndipo kumeneko unakopa maso a Ibrahim El-Salahi, katswiri wa zojambula wa ku Sudan. Zithunzi zake za mtengowu, munthu woziona koyamba anganene kuti ndi mizere chabe. Ine ndikuti mizere imeneyi ikunena zoona za msangu kuposa chithunzi chotsanzira nthambi iliyonse, ngakhale pali pena pamene ikuperewera.

El-Salahi anabadwira ku Omdurman mu 1930. Bambo ake anali shehe wophunzitsa Qur'an, choncho dzanja la mwanayo linayambira pa thabwa la ku madrasa: kulemba zilembo za Chiarabu, kutsuka, n'kulembanso. Ataphunzira luso lojambula ku Khartoum, anapita ku Slade School of Fine Art mumzinda wa London mu 1954, nabwerera kwawo mu 1957 atadziwa bwino kujambula nkhope ndi malo monga amachitira Azungu. Koma atapachika zithunzizo kuti anthu a kwawo azione, iwo sanazilabadire.

Ntchito yake yeniyeni inayambira pa manyazi amenewa. Iye sanatche anthuwo mbuli. Anayamba kufufuza zimene maso awo anazolowera: malemba a Chiarabu opachikidwa m'nyumba, maluko a pa mikeka ndi pa zivindikiro za chakudya, ndiponso maonekedwe a dothi la kwawo, lofiirira, lachikasu ndi lakuda. Analowetsa zilembo m'zojambula zake, kenaka n'kuyamba kuziphwanya, kuzitalikitsa ndi kuyang'ana mipata yotsala pakati pake, mpaka chilembo chinaleka kuwerengeka n'kusanduka chooneka ngati mbalame, nkhope kapena chomera. Pamodzi ndi Ahmed Shibrain ndi Kamala Ibrahim Ishag, iye amawerengedwa pakati pa oyambitsa kajambulidwe kotchedwa Khartoum School.

Mu Seputembala 1975, ali pa udindo waukulu mu unduna wa zachikhalidwe, boma la Jaafar Nimeiri linamumanga pomuganizira kuti anali nawo pa chiwembu cholanda boma. Anakhala m'ndende ya Kober miyezi 6 osazengedwa mlandu. Akaidi sankaloledwa kukhala ndi pepala, ndiye iye ankajambula pa tizidutswa ta matumba a simenti, n'kumatikwirira mumchenga alonda akamayandikira. Umphawi wa pepala umenewu unamuphunzitsa njira imene anaigwiritsa ntchito zaka zambiri: kuyamba ndi kachidutswa kamodzi, n'kumalumikiza tina m'mbali, chithunzi n'kumakula monga imakulira mbewu. The Inevitable, ntchito ya mu 1984 ndi 1985 yokhala ndi zigawo 9 za inki yakuda pa pepala loyera, inabadwa motero. Atatuluka m'ndende anasamukira ku Qatar, kenaka ku Oxford mu 1998. Mu 2013 nyumba ya Tate Modern ku London inaonetsa ntchito za moyo wake wonse, ulemu umene inali isanapatsepo wojambula wina wa ku Africa.

Zithunzi za mtengo, zimene anazitcha The Tree, anaziyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ali kutali ndi Nile. Mu zambiri mwa izo mulibe tsamba, khungwa kapena mthunzi. Muli mzere woongoka wokwera kuchoka pansi, mizere ina yopingasa yolembedwa ndi inki zamitundumitundu, ndi pepala loyera lambiri losiyidwa dala. Wojambula wachotsa zonse zimene msangu umafanana nazo ndi mitengo ina, n'kusiya chimene chili chakechake: kuima chilili popanda chovala pa nthawi imene anzake avala. Pepala loyeralo si malo amene anaiwala kudzaza. Ndiwo masamba amene kulibe, ndipo mlimi wa ku Salima akudziwa kuti kusowa kwa masambako n'kumene kumapindulitsa chimanga. Kwa ine, amene tsiku ndi tsiku ndimaongolera dzanja la mwana polemba alif, thunthu limenelo ndi chilembo choyamba chija. Nkhalamba ya ku Oxford inabwerera pa thabwa la bambo ake.

Owerenga ena afunsa za lamulo la zithunzi, ndipo funsolo n'loyenera. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu wina amene ankadyera kujambula, ndipo Ibn Abbas anamulangiza kuti ngati sangathe kusiya ntchitoyo, azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Zithunzi za msanguzi zili mkati mwa malire amenewo. Komabe tisamuveke El-Salahi mkanjo umene si wake. Ntchito zake zambiri, kuphatikizapo za m'ndende, zadzaza nkhope za anthu. Amene akufuna chigamulo apite kwa maulama. Kwa wojambulayu tikukaphunzirako kayang'anidwe.

Pali ziwiri zimene sindikhutira nazo. Choyamba, ina mwa mitengoyi yaongoka mopitirira, ngati yolembedwa ndi lula m'kaundula wa ku ofesi. Msangu weniweni uli ndi minga, uli ndi nyemba zopotoka zimene mbuzi zimalimbirana pansi pake. Zojambula za m'ndende zili ndi ululu umene umamugwira woziona. Mitengo ina ya ku Oxford ndi yaudongo koma yozizira, ngati ya munthu amene akukumbukira mtengo m'malo mokhala pansi pake. Chachiwiri si mlandu wake yekha: munthu amene anasintha kajambulidwe kake kuti anthu a ku Omdurman amumve, ntchito zake zotchuka zikusungidwa ku London ndi ku New York, pamene kwawo nkhondo imene inabuka mu Epulo 2023 inabalalitsa anthu omwe ankawajambulirawo.

Nanga ife a m'mphepete mwa nyanja zikutikhudza bwanji? Anyamata ogulitsa zithunzi ku Kande ndi ku Nkhata Bay amajambula bwato, dzuwa lofiira ndi msodzi wonyamula nkhafi, lero ndi mawa chimodzimodzi. Sindiwadzudzula, pakuti mlendo amagula chimene akuchizindikira msanga, ndipo pakhomo pamafunika ufa wa kondowole. Koma nyanja imene ife timaidziwa si imeneyo yokha. Timadziwa mzere wa nyali za asodzi a usipa usiku wopanda mwezi. Timadziwa nkhungu zikamakwera pakati pa madzi ngati utsi, ndi timizere timene mwera umasiya pa mchenga m'mwezi wa Julayi. Zonsezi ndi mizere, madontho ndi mipata, ndipo mwana amene amalemba bwino Chiarabu ali kale ndi dzanja lozigwira.

M'nyumba zathu zambiri muli mwana wotere, amene kumapeto kwa kope lake kwadzaza zolembalemba zimene timati n'kuwononga pepala. Musanamulande cholembera, mufunseni chimene anaona. Mwina akuuzani kuti ndi mafunde a dzulo madzulo, ndipo mukayang'ananso bwino mudzawazindikira.