Mlendo ndi Thandizo Lake: Kuunika Mau a Ivan Illich

M'chaka cha 1968 wansembe wina wobadwira ku Vienna, Ivan Illich, anaitanidwa kukalankhula kwa ophunzira a ku North America amene ankadzipereka kukagwira ntchito m'midzi ya ku Mexico pa nthaŵi ya tchuthi. Iye anawapempha kuti aleke ntchitoyo. Mau akewo, odziŵika ndi mutu wakuti To Hell with Good Intentions, akuŵerengedwabe mpaka lero, ndipo nkoyenera kuti ife amene timatsogolera achinyamata pa ntchito zachifundo tiwaunike mosakondera.

Masiku amenewo kudzipereka kwa achinyamata kunali kutagwira mitima ya ambiri. Bungwe la VSO linayamba ku Britain mu 1958, la Peace Corps ku America mu 1961, ndipo Papa Paulo VI anayamikira achinyamata otere m'kalata yake ya Populorum Progressio mu 1967. Illich, amene kuyambira 1961 ankaphunzitsa amishonale chilankhulo ndi chikhalidwe ku Cuernavaca, anaona zosiyana. Iye anati mnyamata wosadziŵa chilankhulo cha eni dera, wongokhala milungu yoŵerengeka, sangamve zimene osauka akunena, ndipo mosazindikira amasanduka wotsatsa moyo wa kwawo pakati pa anthu amene sangaufikire. Tsono anawalangiza kuti azibwera kudzaona ndi kudzaphunzira, osati kudzathandiza.

Pa mfundo yakuti cholinga chabwino pachokha sichikwanira, Illich sananene zachilendo. Tomasi Woyera wa ku Akwino anaphunzitsa kale kuti ubwino wa ntchito umapimidwa pa chinthu chochitidwacho, pa cholinga chake, ndiponso pa nthaŵi, malo ndi njira yochichitira. Chimodzi chikapereŵera, ntchitoyo yapunduka. Ife a ku Malaŵi tili ndi umboni wathu m'liwu lakuti thangata. Poyamba linkatanthauza kuthandizana kwa anansi, koma m'minda ya azungu linasanduka ntchito yokakamiza, imodzi mwa madandaulo amene anadzetsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Dzina la thandizo linatsala, koma mphamvu zonse zinali mbali imodzi. Paja akulu anati mlendo ndi mame: wokhala kanthaŵi sasenza zotsatira za zochita zake, amazisenza ndi otsala.

Komabe pamene Illich anadziŵa matenda, pa mankhwala anasokera. Choyamba, iye analekanitsa kuphunzira ndi kutumikira ngati kuti munthu angathe kudziŵa mnzake pongomuyang'ana. Anthu amadziŵana pogwirira limodzi khasu, ndipo mlendo wongodzaona osauka popanda kusenza nawo kanthu amawasandutsa choonerera. Chachiŵiri, mau ake amachepetsa osauka amene akuwateteza, pakuti saganizira kuti iwo angathe kuitana mlendo, kumpatsa malire, ngakhale kumbweza. Akulu omwe aja anatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma wosankha mutu woti umetedwe ndi mwini mudzi.

Msamariya wa m'mutu 10 wa Luka Woyera anali mlendo panjira ija, ndipo sanakhalitse. Koma anachita chimene wovulalayo ankasoŵadi, anampereka m'manja mwa mwini nyumba ya alendo amene anali wokhala pomwepo, analipira, nalonjeza kubweranso. Apa pali muyeso woposa wa Illich, wogwirizana ndi chiphunzitso cha Papa Piyo XI mu Quadragesimo Anno ya 1931, chakuti gulu lalikulu lisalande ntchito imene laling'ono lingathe kuichita lokha. Pa ntchito iliyonse ya achinyamata odzipereka, kaya kutsidya kwa nyanja kaya m'mudzi woyandikana nawo, tifunse mafunso atatu: Anaipempha ndani? Akuitsogolera ndani? Adzaisamala ndani alendo akachoka?

Mafunso ameneŵa sakhudza achinyamata a maiko olemera okha. Mnyamata wa ku seminale amene watumizidwa ku parishi pa tchuthi, nayamba kukonza mphakati asanamve mbiri yake kwa akatekisiti ndi amayi amene anaugwiriziza zaka zambiri, nayenso ndi mlendo wa Illich, ngakhale alankhule Chicheŵa chomveka bwino. Ntchito ya omphunzitsa si kuzimitsa changu chake, koma kumzoloŵeza kufunsa asanagwire, ndi kulola kutumidwa ndi anthu amene wapita kukawatumikira.