Chidendene chowawa ndi luso la dokotala wa mafizo

Pali kaweruzidwe kena kamene kamandipsetsa mtima. Munthu wapita kwa dokotala wa mafizo ndi chidendene chowawa, pobwera anzake am'funsa mmene wayendera, iye n'kuti, "Aaa, palibe chomwe andichita. Jakisoni ayi, makina ayi, angondiuza zokoka zala." Basi dokotala waluso wanyozeka, pomwe wina amene anangoyatsa makina n'kupaka mafuta otentha ndiye atamandidwa mudzi wonse.

Kuno ku Mulanje phazi silipuma. Mayi wothyola tiyi ku Lujeri amaima tsiku lonse pamtsetse, dengu lili kumsana. Anyamata a ku Likhubula amasenza katundu wa alendo kukwera naye phiri, ena n'kudzathamanganso mpikisano wa Porters Race pamiyala yomweyo. Vuto limene madokotala amalitcha plantar fasciitis limakonda mapazi otere. Limadziwika m'mawa: ukangoponda pansi podzuka chidendene chimabaya, ukayendako ululu umazilala, n'kudzabweranso ukanyamuka pomwe unakhala nthawi yaitali.

Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wotambalala wochokera pafupa la chidendene kukafika kuzala. Umagwira phazi mmene nsinga imagwirira uta. Dokotala wodziwa ntchito yake amayamba waufunafuna ndi chala, kudina cham'kati mwa chidendene pomwe wamera, kuona ngati akatumba ali olimba, ngakhale kutembenuza silipasi ya wodwala kuti aone mbali yomwe yadyeka. Akatero amam'khazika pansi, kum'sanjikitsa mwendo wodwalawo pabondo la unzake, kutenga dzanja la mwini wakeyo n'kuligwiritsa zala zakuphazi. Kokerani m'mwamba, chakumwendo. Dzanja linalo likhudze kunsi kwa phazi mpaka limve mtsempha utakungika. Werengani mpaka 10, masulani, bwerezani ka 10, katatu patsiku. Ndipo koyamba kukhale m'mawa phazi lisanakhudze pansi, chifukwa usiku limagona chowerama, mtsempha uli wokhwefuka, ndiye kulipondetsa mwadzidzidzi n'kudzutsa bala. Ine njira imeneyi imandigometsa! Mu 2003 Benedict DiGiovanni ndi anzake ku America anapeza kuti kwa odwala nthawi yaitali imathandiza kuposa kuwongola akatumba potsamira khoma. Sifuna magetsi kapena ndalama, koma kuiphunzitsa bwino kumalira diso lakuthwa: wina amakoka chala chimodzi, wina amapinda phazi lonse chammbali, wina amachita mwankhanza poganiza kuti kuwawa ndiye kuchira. Kum'gwira dzanja munthu wotere, kum'konza, kum'bwerezetsa mpaka zala zake zizindikire zokha, pamenepo ndi pomwe ndimayezera katswiri.

Zinazo sindizipatsa ulemu wambiri. Jakisoni wa steroid amapha ululu kwa kanthawi, ndipo akachuluka angafoole mtsempha womwewo. Mphini zimangowonjezera zilonda paphazi loyenda m'matope. Kafupa kosongoka kooneka pa X-ray kamaopsa anthu chabe, poti ambiri ali nako ndipo samva kanthu.

Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya KUHeS, ndipo akatswiriwa akadali ochepa. Wodwala wochokera ku Muloza sangalipire minibasi sabata iliyonse kudzasisitidwa ku boma, chonsecho vutoli limatha miyezi, nthawi zina pafupifupi chaka. Zimene waphunzira pa ulendo umodziwo ndizo adzachire nazo. N'chifukwa chake ndimakwiyanso ndi ena mwa a mafizo eni ake, amene amangopereka kapepala ka zithunzi n'kuitana wotsatira, osam'uza wodwalayo kuti, "Tachitani ndione." Mzere ndi wautali, ndikudziwa, koma kuonerera munthu akukoka zala zake sikutha mphindi zisanu.