Za Liu la Planktivore ndi Mphutsi za Nkhungu

Liu lakuti plankton, limene Victor Hensen analiyambitsa mu 1887, lichokera ku Chigiriki, ndipo litanthauza zamoyo zongotengeka ndi madzi. Tsono planktivore ndi chilichonse chodya zamoyozo, monga utaka ndi usipa. Koma zilipo zina zodya zinzake zimene nazonso ndi plankton: Sagitta m'nyanja zamchere, ndi mphutsi za nkhungu, Chaoborus edulis, m'Nyanja ya Malaŵi. Tikatcha magulu aŵiriŵa dzina limodzi, tabisa kusiyana kumeneku kwa wophunzira. Kutcha mphutsizi "zoyandama" sitikuvomereza, pakuti kuyandama m'Chicheŵa ndiko kukhala pamwamba pa madzi, chonsecho izo zimatsikira kwakuya usana ndi kukwera usiku. Ife tikadakonda "zotengeka", ngakhale liuli limanenanso za munthu wosakhazikika maganizo.