Chingerezi cha kuyunivesite chikafika padoko la Senga Bay

Wophunzira wa chaka choyamba m'mayunivesite athu salithawa phunziro la Chingerezi cha maphunziro ndi ntchito. Ku sukulu yomwe inkatchedwa Chancellor College ku Zomba linkadziwika kuti Language and Communication Skills. Kwina dzina limasinthako, koma zam'kati n'zofanana: kulemba chimangirizo ndi lipoti, kutchula mabuku omwe wawerenga, kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kuyankhula pagulu. Phunziroli n'lofunika ndipo sindikuti lichotsedwe ayi. Chomwe ndikutsutsa ndi maganizo awiri omwe kaphunzitsidwe kake kamatsamira. Ganizo loyamba ndi loti chiyankhulo chomwe wophunzira wabwera nacho kuchokera kwawo n'chopinga. Lachiwiri ndi loti ntchito akadzaipeza adzaigwira m'Chingerezi chokhachokha. Tiyeni tiwayese maganizowa ndi dera la Mfumu Yaikulu Maganga, m'mbali mwa nyanja ku Salima.

Mwana wa kwa Maganga amakula ndi Chichewa, ndipo ambiri amayankhulanso Chiyao. Koma kusukulu amaphunzira msanga kuti chiyankhulo chotsegula zitseko n'chimodzi basi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, komabe Chingerezi chinatsala ndi maofesi, makhoti ndi mayeso. Lamulo la maphunziro la 2013 linapitirira pamenepo ponena kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira m'sukulu, ndipo boma linalengeza kuti ziyambire Sitandade 1. Pa MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale masamu atawakhoza bwanji. Ndiye mwanayu akafika kuyunivesite amalemba ngati munthu woopa mlonda wapachipata: mawu ataliatali, ziganizo zopiringizika, mfundo osaoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Katswiri wa maphunziro a ziyankhulo, Jim Cummins, anafotokoza mu 1979 kuti chiyankhulo chochezera n'chosiyana ndi chiyankhulo cha maphunziro, komanso kuti luso loganiza lomwe munthu wakhwima nalo m'chiyankhulo choyamba limasamukira m'chachiwiri. Ngati zili choncho, Chichewa cha mwana wa kwa Maganga ndi makwerero okafikira Chingerezi chomwe tikufunacho. Taonani zitsanzo zitatu.

Choyamba, aphunzitsi amauza ophunzira kuti lipoti la sayansi limabisa wochita. Koma Chichewa chimabisa wochita m'njira ziwiri. "Ukonde wang'ambika" ndi "ukonde wang'ambidwa" si mawu amodzi. Oyambawo sakuloza munthu. Mwina ndi mwala, mwina ukondewo watha. Achiwiriwo akuti alipo waung'amba, kungoti sitikumutchula. Kwa mwini chilimira, kusiyana kwa -ik- ndi -idw- ndi nkhani yoti alipire ndani. Chingerezi chikati "the net was torn" chimaphimba zonse ziwiri. Sam Mchombo anazukuta kusiyanaku m'buku lake la 2004, The Syntax of Chichewa. Wophunzira yemwe waonetsedwa zimenezi amayamba kudzifunsa polemba: pano ndikubisa wochita chifukwa safunika, kapena ndikuzemba mlandu?

Chachiwiri, kutchula komwe watenga mfundo. Nkhaniyi timaiphunzitsa ngati yaupolisi: ukakopera ntchito ya wina ulangidwa. Chonsecho mwanayu amadziwa kale kusiyanitsa "usipa wachuluka", "akuti usipa wachuluka" ndi "zikuoneka ngati usipa wachuluka". Koyamba wadzionera yekha, kachiwiri wangomva, kachitatu akuganizira. Amadziwanso kuti ukasiya kamawu koti "akuti" nkhaniyo yasanduka yako, ndipo ikapezeka yabodza pabwalo la mfumu woyankha ndiwe. Ntchito ya "according to" ndi "it appears that" ndi yomweyi. Bwanji osayambira pomwe iye waima kale?

Chachitatu, ulemu polemba kalata. Ena amalembera mphunzitsi kuti "I want you to check my marks", ena amadzaza tsamba lonse ndi malonje. Onsewa sanauzidwe kuti Chingerezi chimafewetsa pempho monga momwe ife timachitira, pobwezera mneni m'nthawi yakale. Kwa wamkulu sitinena kuti "ndikufuna". Timati "ndimati ndipemphe nawo". Mngerezi naye amati "I was wondering whether". Mphindi zisanu zofananiza ziganizo ziwirizi zingakonze zomwe sabata yonse yoloweza kalata zachitsanzo imalephera.

Tibwere ku ganizo lachiwiri lija. Tiyerekeze kuti munthu wamaliza maphunziro a zansomba ku LUANAR kapena ku Mzuzu University ndipo wamutumiza ku Senga Bay. Lamulo loteteza nsomba la 1997 aliwerenga m'Chingerezi, malipoti opita kulikulu awalemba m'Chingerezi. Nanga mmawa akakhala pamchenga ndi komiti ya padoko ayankhula chiyani? Ayenera kudziwa kuti asodzi amati "maso a ukonde" ndi "kutseka nyanja". Akangothira "ma-" kutsogolo kwa mawu a Chingerezi, anthu amuombera m'manja mwaulemu, n'kubalalika osamva kanthu. Mawa lake wina alandidwa ukonde womwe anagula pangongole chifukwa cha lamulo lomwe silinamufikire m'chiyankhulo chake. N'chimodzimodzi namwino wochokera ku KUHeS pofotokozera mayi kamwedwe ka mankhwala a mwana.

Ulendowu uli ndi kobwerera. Asodzi amadziwa zomwe mwera ndi mpoto zimachita panyanja, komanso komwe utaka umapezeka nyengo ndi nyengo. Pachilumba cha Mbenji, kwa Mfumu Makanjira m'boma lomweli la Salima, anthu akhala akutseka ndi kutsegula usodzi chaka ndi chaka motsogozedwa ndi mfumu yawo. Nzeru zoterezi zimafika patebulo la opanga malamulo pokhapokha wina atazilemba m'Chingerezi chomveka, osazichepetsa. Tinene zoona: ntchito yeniyeni ya wophunzira wathu ndi kuwolotsa mfundo pakati pa ziyankhulo ziwiri, koma mayeso ake amamuyesa tsidya limodzi.

Wina anena kuti m'kalasi si onse amayankhula Chichewa. N'zoona, ndipo palibe chifukwa chowakakamiza. Wa Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena agwiritse ntchito chake. Zipangizo zoyambira zilipo: Centre for Language Studies, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000.

Pempho langa kwa okonza phunziroli n'laling'ono. Pa mayeso onjezanipo funso limodzi. Mupatseni wophunzira tsamba la lipoti la Chingerezi, alifotokoze kwa mphindi zitatu m'chiyankhulo cha kwawo kwa munthu yemwe sanafike kusekondale, kenako alembe m'Chingerezi mafunso omwe munthuyo wafunsa. Woloweza mawu osawamvetsa agwidwa pomwepo, chifukwa zomwe sunazimve sungazinene m'Chichewa. Ndipo yemwe angakhoze funsoli ndi amene tingamutumize kwa Maganga mtima uli m'malo.