Nkhope ya Yesu pa Chipika cha Mlombwa

Mabuku anayi a Uthenga Wabwino sanena ngati Yesu adali wamtali kapena wamfupi, mphuno yake idali yotani, tsitsi linkalekeza pati. Mlaliki akhoza kuidumpha nkhaniyi, koma wosema sangathe. Akangoika sompho pa chipika cha mlombwa ayenera kusankha, ndipo chimene wasankhacho Akhristu adzapemphera akuchiyang'ana kwa zaka zambiri.

Ku Mua, m'boma la Dedza, ntchitoyi ili ndi mbiri yake. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni kumeneko mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri mpingo ndi Nyau sankamwerana madzi. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatsegulira khomo miyambo ya anthu m'chipembedzo, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zosemasema a KuNgoni mu 1976. Zosema za kumeneko zili m'matchalitchi ambiri muno, zina zidafika mpaka m'kachisi wa bungwe la Missio ku Munich.

Abale athu a mipingo ina amakumbutsa lamulo la pa Eksodo 20 loletsa mafano, ndipo mantha awowo ndi oyenera ulemu. Mkanganowu ndi wakale. Ngakhale msonkhano wa ku Nicaea wa mu 787 udakhalira nkhani yomweyi. Komabe munthu amene sadaikepo chosema m'tchalitchi naye ali ndi nkhope ya Yesu m'mutu mwake akamapemphera. Kawirikawiri imakhala ija ya pa makalendala, ya khungu loyera ndi tsitsi logwera m'mapewa, yofanana ndi imene Warner Sallman wa ku America adajambula mu 1940. Nayonso idachokera m'maganizo a munthu, kungoti tidaizolowera mpaka kuiyesa yeniyeni.

Ine ndimakhulupirira kuti luso la wosema Wachikhristu limaoneka bwino pa thupi kuposa pa nkhope. Kukulitsa milomo ndi kuphwatalitsa mphuno n'kosavuta, ndipo alipo ambiri amene amathera pomwepo: nkhope ya Mchewa, koma kaimidwe, kapindidwe ka manja ndi kagwedwe ka nsalu zonse zobwereka ku ziboliboli za pulasitala za ku Ulaya. Chosema chotere chimaoneka ngati munthu wovala malaya a mwini.

Taonani Mariya pa imfa ya mwana wake. Yohane akuti adaimirira pafupi ndi mtanda. Wosema Michelangelo, cha m'ma 1499, adamukhazika pansi, mtembo uli pamiyendo, chinthu chimene Uthenga Wabwino sutchula konse, koma palibe amene amamuimba mlandu wonama. Nanga wosema amene adakulira m'masiwa a kwathu aone chiyani? Iye amadziwa kuti mayi woferedwa amakhala pansi, miyendo atatambasula, chitenje chitamangidwa m'chiuno, ndipo sakhala yekha. Pamakhala wina womugwira paphewa, wina womuchirikiza kumsana. Wosema akalimba mtima n'kuika amayi amenewa m'mtengo umodzi, mapewa atagundana, amakhala atawerenga Yohane mozama, pakuti ndime yomweyo imatchula amayi ena amene adali naye Mariya pamtandapo. Mayi amene adaikapo mwana m'manda akachiona chosemacho safuna womumasulira.

Mtengo nawo uli ndi mawu ake. Mlombwa uli ndi mizere yofiirira imene wosema wanzeru amailola kutsata nthiti za Wopachikidwa. Mfundo kapena kupindika kwa nthambi, kumene wophunzira amakuona ngati chilema, mmisiri amakusandutsa bondo kapena khosi lowerama. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona chosema chabwino chitakwiriridwa ndi vanishi wonyezimira, kapena chitapakidwa polishi wakuda kuti chioneke ngati phingo. Zipsera za tchizulo pa thupi la Yesu zimayenera kusiyidwa kuti zioneke.

Chimene chimaopseza lusoli kwambiri ndi msika. Mlendo akagula Banja Loyera la mtundu wina, mawa lake pamsewu pamakhala patadzaza ofanana nalo, ndipo dzanja limayamba kusema mutu usadaganize. Sindingamudzudzule wosema amene ali ndi ana ofuna fizi. Ndimadandaula ndi maparishi amene amaitanitsa ziboliboli zopangidwa m'fakitale kunja, kapena amapatsa mmisiri chithunzi n'kumuuza kuti angokopera, m'malo momuwerengera ndimeyo n'kumufunsa chimene iye akuonamo.