Ndevu m'Bwalo la Ana: Za Mpira wa Achinyamata Kumwera kwa Mzimba

Mu 2009 dziko la Malawi lidakasewera nawo mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa anyamata osapitirira zaka 17 ku Nigeria. Ambiri amaukumbukira ulendowo monyadira, koma ndi owerengeka amene amakumbukira khomo lomwe tidalowera. Pa mpikisano wa mu Africa womwe udachitikira ku Algeria chaka chomwecho, timu ya Niger idali patsogolo pathu m'gulu, koma idachotsedwa itapezeka ndi mlandu wa chinyengo pa zaka za osewera, ndipo malo ake adagwera ife. Mu November 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa msinkhu womwewo ku South Africa, matimu anayi, a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, adabwezedwa kwawo makina a MRI ataunika mafupa a pamkono a anyamata awo. Malawi idatsala nawo m'bwalo. Kawiri konse tidapindula chifukwa lamulo la zaka lidagwira ntchito pa anzathu.

Koma lamulo lomwelo ndi limene timalipondereza sabata ndi sabata m'mabwalo a kwathu kuno ku Champhira, ku Jenda, ku Luwerezi, ku Embangweni mpaka pa boma la Mzimba. Inu owerenga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota musaone ngati ndikunena za kutali. Mukasintha maina a malo ndi chinenero cha nyimbo za ochemerera, chithunzi chake ndi cha bwalo la kuseri kwa mzikiti wanu.

Nyengo ya mpira kuno imafika pachimake anthu akatha kukolola, pamene mphepo yozizira ya mwezi wa June imayamba kuwomba kuchokera kumapiri. Mpira wa chikulunga, womwe ana amaumanga okha ndi mapepala a pulasitiki, ulibe vuto ndi munthu. Ana amadzigawa okha, amakangana, amagwirizana, dzuwa likalowa n'kubalalika. Zinthu zimasokonekera pamene akuluakulu abwera ndi chikho. Wandale kapena wamalonda akalengeza bonanza ya ndalama, masewera a ana amasanduka malonda a akulu. Tsiku la ndime yomaliza mumaona mnyamata wa mapewa ngati wosenza matumba a mbatatesi pa msika wa Jenda, ndevu zometedwa m'mawa womwewo, atavala yunifolomu ya timu ya ana a zaka 14. Bwalo lonse limamudziwa, ena amadziwanso mkazi wake. Anthu amaseka, woyimbira n'kuliza wenzulo.

Pano pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa ndamvapo anthu akuweruza mosalingalira. M'sukulu zathu za pulayimale muli ana ambiri amene adayamba sukulu mochedwa kapena adabwereza makalasi kangapo. Mnyamata wa zaka 17 yemwe alidi mu Sitandade 7 sadanamize munthu, ndipo kumuthamangitsa ndi mawu achipongwe kukhoza kumuthawitsa sukulu kumene. Mlandu wake ndi wa okonza mpikisano amene sadanene poyera ngati muyeso ndi kalasi kapena zaka. Amene ndikumudandaula ndi wosewera waganyu, wotengedwa pa sitolo kapena pa siteji ya kabaza, n'kupatsidwa dzina la mwana wina kwa masana amodzi. Ameneyo sabwera yekha. Pali mphunzitsi wa timu amene adamuitana, mkulu amene adasainira pepala, ndi kholo la mwana mwini dzina limene lidaona n'kukhala chete.

Woyamba kuluza ndi mwana wa zaka 12 amene wakhala akubwera ku maphunziro a timu tsiku ndi tsiku wopanda nsapato, ndipo pa tsiku lalikulu auzidwa kuti avule jezi apatse mlendo. Wachiwiri ndi mnzake wa timu inayo, amene mwendo wake wosakhwima ukumana ndi wa munthu wamkulu pa bwalo louma la miyala, chipatala chili kutali. Waganyuyonso amaluza, ngakhale iye saona. Amawala pakati pa ana, anthu n'kumamutcha katswiri, koma akakumana ndi amsinkhu wake dzina lake limazilala. Chotayika chachikulu koposa ndi phunziro limene ana onse a matimu awiriwo amapita nalo kunyumba, loti bodza likavomerezedwa ndi akulu ndipo labweretsa chikho, limasiya kukhala bodza. Mwana amene waphunzira zimenezi ali ndi zaka 12 sadzaona chachilendo kulowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, kapena kupotoza sikelo pogula chimanga kwa mayi wamasiye. Sura ya Al-Mutaffifin timaiwerenga ngati ikunena za amalonda okha. Zaka za mwana ndi muyeso, ndipo wozichepetsa pa pepala wachepetsa muyeso.

Sindikufuna kuwasenzetsa katundu yense aphunzitsi a matimu. Ambiri mwa iwo salandira kanthu. Amagula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwawo, amasoka maukonde, amabwereka lole, ndipo timu ikagonja amatukwanidwa ndi anthu amene sadaperekepo ngakhale botolo la madzi. Munthu wotere akaona kuti mphoto ya chikho ndi yokhayo ingagulire timu yunifolomu, yesero lake ndi lalikulu. Komabe ana ali m'manja mwake ngati amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo pali zina zimene umphawi sungazikhululukire. Mphunzitsi amene amamenya mwana khofi chifukwa waphonya penate, kapena kumubwezera m'bwalo atagunda mutu n'kumaona chizungulire, alibe podzitetezera. Chimodzimodzinso amene amatengera ana kwa sing'anga usiku woti mawa kuli masewero, kuwasambitsa mankhwala, kukwirira zithumwa pagolo ndi kuwaletsa kupereka moni wa m'manja kwa anzawo. Khalidweli ana amalionera kwa akulu awo a mu ligi yaikulu, kumene matimu akhala akulipitsidwa chindapusa chifukwa cha miyambo yotere. Kwa mwana wa Chisilamu nkhaniyi ndi yolemera kuposa chindapusa, pakuti ikukhudza Tauhid imene amaphunzira ku madrasa. Ndipo sindingabise kuti zina mwa zithumwazo zimalembedwa ndi manja a anthu amene timapemphera nawo pa mzere umodzi.

Za makolo ndiye pali nkhani imene Mzimba ndi Mangochi amafanana kwambiri. Maboma awiriwa ndi odziwika ndi maulendo a ku Joni, kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA mpaka lero la mabasi opita ku Johannesburg. Ana ambiri a m'matimu athu akuleredwa ndi mayi okha kapena agogo. Bambo amatumiza nsapato za mpira zonyezimira ndi jezi ya Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates, ndipo amalandira kanema wa chigoli pa WhatsApp. Ndi chikondi ndithu, sindikuchinyoza. Koma funso limene amafunsa pa lamya ndi lakuti, mwawina? Sakufunsa kuti mphunzitsi wa timuyo ndi munthu wotani, ana akwera chiyani popita ku Embangweni, abwerako nthawi yanji, adya chiyani masana onse. Pa lole yopanda mabenchi pamakwera ana makumi atatu ndi ochemerera oledzera, n'kubwerera usiku pa msewu wa M1, ndipo palibe kholo limodzi lomwe lidafunsidwa chilolezo kapena lidafuna kufunsidwa.

Makolo amene amapezeka pabwalo nawonso nthawi zambiri amabwera ndi pakamwa pokha. Woyimbira mpira wa ana amakhala mphunzitsi wa sukulu yoyandikana kapena mnyamata amene wangomaliza Fomu 4, wopanda malipiro, wopanda womuteteza. Akalakwitsa, ndipo amalakwitsadi, bambo wa ulemu wake amene m'mawa adali pa mkeka wa Swala amatukwana mayi a mnyamatayo pamaso pa ana. Nyimbo zimayimbidwa zonyoza goloboyi wa zaka 11 chifukwa cha chilema chake, mtundu wake kapena umphawi wa kwawo. Sura ya Al-Hujurat idaletsa kunyozana ndi kupatsana maina achipongwe, ndipo sidapatule tsiku la mpira. Chatsopano chimene chaonjezera moto ndi juga. Chizolowezi chobetcha pa lamya pa masewero a ku England chatsikira ku bwalo la kumudzi, kumene amalume amaikirana ndalama pa miyendo ya adzukulu awo. Munthu amene waika ndalama ya feteleza pa timu ya ana saonanso ana. Ndi amene amayamba kuthamangira m'bwalo ndi mwala.

Atsikana ali ndi mtolo wawo wapadera. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi amene dzina lake lamveka m'matimu akuluakulu a ku Italy ndi France, adaulula mu 2021 kuti ali mtsikana wamng'ono adakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize kuti ndi wamkazi, chifukwa otsutsana nawo sadakhulupirire kuti mtsikana angasewere motero.  Iye adapirira, ndipo mng'ono wake Temwa adatsogolera Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023. Koma tiziganizira atsikana amene adachitidwa zofananazo n'kusiyiratu, osauza munthu. Ife Asilamu timalankhula kwambiri za manyazi ndi kubisa thupi. Ngati mawu amenewo ali ndi tanthauzo, tidayenera kukhala oyamba kufuna kuti timu iliyonse ya atsikana, ya mpira wa miyendo kapena wa manja, iziyenda ndi mayi wamkulu wodalirika, ikhale ndi malo obisika osinthira zovala, ndipo mphunzitsi wamwamuna asamakhale yekha ndi mtsikana. M'malo mwake ambiri timangoletsa mwanayo, n'kumaona ngati tathana nazo.

Apa ndi pamene ndikufuna kudzudzula nyumba yathu yomwe. Pa nkhani ya masewero tili ndi njira ziwiri zokha, kuletsa kapena kulekerera. Sheikh akadandaula kuti ana akuthawa madrasa chifukwa cha mpira, kholo limatenga chikwapu. Chikwapu chikalephera, limangotaya manja, mwana n'kumabwera Maghrib itadutsa. Palibe amene amapita kukakhala pansi ndi mphunzitsi wa timu kuti agawane nthawi. Komatu Chisilamu sichidana ndi masewero. Mabuku a Hadith amasimba kuti Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) adapikisana liwiro ndi mayi Aisha (Allah asangalale nawo), ulendo woyamba iwo n'kupambana, ulendo wina patapita zaka iye n'kupambana. Malamulo a mpira nawonso adasintha: kuyambira 2014 n'kololedwa kusewera utafunda kumutu, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco adasewera atavala hijab pa mpikisano wa dziko lonse wa amayi. Mtsikana wovala buluku lalitali ndi mpango sakuphwanya lamulo lililonse, koma woyimbira wa kumudzi sangadziwe zimenezi ngati palibe kholo lomufotokozera.

Kuno kumwera kwa Mzimba Asilamu ndife ochepa, ndipo ana athu amasewera m'matimu a sukulu zomwe zambiri zidayambitsidwa ndi mipingo. Zimenezi n'zabwino, chifukwa m'bwalo ndi momwe mwana wa Chiyao ndi wa Chingoni amaphunzira kudalirana. Zimangofuna kuti kholo lionekere, linene mwaulemu za nthawi ya Jumu'ah, za mwana amene wamanga Ramadan ndipo sangathamange masana onse, za chakudya cha paulendo. Aphunzitsi ambiri amamva akauzidwa. Inu a kunyanja nkhani yanu ndi ina. M'madera ambiri inuyo ndinu komiti ya sukulu, ndinu aphunzitsi a matimu, oyimbira ndi ochemerera omwe. Zikalakwika kumeneko palibe mlendo womuloza chala.

Za osewera eni ake ndinena zochepa, pakuti ndi ana. Kudzigwetsa mwadala, kuzungulira woyimbira, kulavulira mnzawo, zonsezi adazionera pa kanema wa m'nyumba zoonetsera mpira ndi kwa ife. Mwana angathe kuphunzitsidwa kupereka moni kwa amene wamugonjetsa, kuvomera kuti mpira wamukhudza dzanja, ndi kukana kuvala jezi ya dzina la wina. Chomalizachi n'chovuta kwa mwana ngati bambo ake omwe akumuuza kuti asaputse timu.

Makina a MRI sadzafika pa bwalo la ku Champhira, ndipo sakufunikanso. Malamulo a dziko lino adakonzedwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Chaka chomwecho bungwe la National Registration Bureau lidalemba nzika m'kaundula, ndipo chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, kutanthauza kuti mnyamata amene ali nacho m'thumba alibe malo m'timu ya zaka 14. Ana ambiri obadwira kuchipatala ali ndi kabuku ka kusikelo kolembedwa tsiku lobadwa, ndipo kaundula wa sukulu alipo. Okonza chikho atafuna, akhoza kulamula kuti timu iliyonse ipereke maina ndi mapepalawa sabata imodzi mpikisano usanayambe, makolo awiri a timu inayo n'kuwayang'ana. Wopereka chikho nayenso akhoza kusiya kunyamula ndalama m'envelopu n'kugula mipira, maukonde ndi bokosi la mankhwala a ovulala, zogawira matimu onse olowa mpikisano. Anthu obwera kudzaona mwambo wopereka mphoto adzachepa, ndipo mwina n'chifukwa chake andale sakonda njira imeneyi. Koma mphunzitsi wa timu sangalipire waganyu ndi ukonde.