Nthano za Pamoto ndi Mabuku Oyamba a Ana

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana ayamba kuphunzira kuwerenga tsiku limene alowa sukulu nalandira buku lace loyamba. Ganizo limeneli ndilo lacititsa kuti mabuku ambiri a ana ang'ono alembedwe monga ngati mwanayo sanamvepo mau cibadwire. Nkoyenera tsono kuyesa mabuku otere powalinganiza ndi nthano ndi zirapi, zimene zinalera ana a Acewa, Ansenga ndi Angoni sukulu zisanafike.

Coyamba, ubwino wa mabukuwa usabisike. Cinyanja cimalembedwa pafupifupi monga momwe cimvekera, ndipo mwana amene wadziwa a, e, i, o, u, nazolowera ba, be, bi, bo, bu, angathe kuchula mau amene sanawaonepo. Nchito imeneyi mabuku oyamba amaigwira bwino, ndipo nthano siingathe kuigwira. Koma kuchula mau si kumva nkhani ai. Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, analongosola kuti kuwerenga kumaima pa zinthu ziwiri: kuzindikira malemba, ndi kumvetsa cinenero cimene malembawo anyamula. Cimodzi cikasowa, cinzaceco cikhala copanda pace. Apa ndipo pali cirema ca mabuku ambiri. Mwana awerenga kuti atate ali ndi khasu, khasu liri apa, amai ali ndi mbale. Palibe wofunsa, palibe woyankha, palibe amene ali pa bvuto. Mwanayo afika pa mapeto a tsamba alibe cifukwa cofunira kuona tsamba lotsatira.

Nthano iri ndi macitidwe ena. Wokamba akati, "Panangokhala," omvera ayankha, "Tiri tonse," ndipo ayankhabe motero kufikira nthano itatha. Mwana wa zaka 4 aphunzira pomwepo kuti kuceza nkulandizana: pali nthawi yonena, nthawi yobvomera ndi nthawi yokhala cete. Nyimbo ikafika pakati pa nthano alowamo pa malo ace, ndipo khutu lace lizolowera mau ofanana kamvekedwe. Wokamba akalumpha cigawo, ana omwe ndiwo amkumbutsa, pakuti asunga m'mutu cimene cinayamba ndi cimene cinatsata. Koposa zonse, pamene Kalulu alankhula mokoma kwa Fisi, mwana aseka cifukwa wadziwa kuti za pakamwa pa Kalulu si za mumtima mwace. Luso limeneli ndilo lidzafunika tsiku limene adzawerenga kalata kapena nyuzipepala ndi kufuna kudziwa colinga ca wolemba. Zirapi nazonso ziri ndi phunziro lace. Amene wamva za nyumba ya amai yopanda khomo, nazindikira kuti ndi dzira, wadziwa kuti mau angathe kunena cina natanthauza cina.

M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell, wa pa University of Zambia, anafunsa akulu a m'midzi ya ku Katete za mwana amene iwo amamuyesa wanzeru. Zimene anapeza anazilemba m'buku lochedwa The Significance of Schooling, la mu 1993. Akuluwo sanachule kucenjera kokha ai, koma anaikapo kumva, kutumikira ndi kukhulupirika. Ena angayese kuti maganizowa sakhudza za mabuku, koma aganizire za mwana wotumidwa. Amva uthenga kwa amace, ausunga panjira, afika napereka moni, nanena kuti amai akuti mundibwereke sefa. Pambuyo pace abwerera ndi yankho. Mwana ameneyu wanyamula mau a munthu amene palibe nawafikitsa osasintha, ndipo imeneyi ndiyo nchito ya kalata. Buku loyamba limene siligwiritsa nchito nzeru yotere litaya cuma cimene mwana anabwera naco.

Komabe mwambo wa kumudzi usatamandidwe mopitirira. M'mabanja ambiri mwana wokonda kufunsa amayesedwa wamwano, ndipo pamaso pa akulu amaphunzitsidwa kugwetsa nkhope ndi kukhala duu. Ulemu ngwabwino, koma makolo omwewo ndiwo anasiya mwambi wakuti safunsa anadya phula. Mwana amene waletsedwa kufunsa kunyumba sadzakweza dzanja m'kalasi, ndipo akapeza liu lacilendo m'buku adzangolidumpha. M'matauni mwabuka bvuto lina. Wailesi yakanema ndi foni zimalankhula kwa mwana tsiku lonse, koma sizidikira yankho lace, ndipo sizidziwa ngati wamva kapena sanamve.

Mbiri ya sukulu za m'Zambia icitira umboni zimenezi. Kuyambira mu 1966 ana anayamba kuphunzira m'Cingerezi kucokera m'Giredi 1, ndipo mau onse amene anatola pamoto anatsala kunja kwa khomo. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayesa ana a m'Zambia ndi a m'Malawi. Anapeza kuti a m'Malawi, amene anayamba ndi Cicewa, anawerenga cinenero cao bwino kopambana anzao a m'Zambia, ndipo ngakhale pa Cingerezi sanatsalire. Mu 1998 njira ya Breakthrough to Literacy inayesedwa ku Kasama m'Cibemba, ndipo pambuyo pace inafalikira m'zinenero zonse 7 za sukulu. Ubwino wace unali wakuti ana anayamba akambirana za cithunzi, kenaka napanga ndi timakadi mau amene anena okha. Mu 2014 boma linalamula kuti zinenero za kwao zigwiritsidwe nchito kufikira Giredi 4, koma malangizo a maphunziro a mu 2023 anabwezanso Cingerezi patsogolo. Malamulo asinthasintha motere, koma zaka zoyamba za mwana zakhalabe m'manja mwa a kunyumba.

Cifukwa cace olemba mabuku a ana ayenera kubwerera ku nthano kukaphunzira. Buku labwino la Giredi 1 lingathe kukhala ndi mau ocepa ndi apafupi, koma mukhale anthu oyankhulana, mukhale kanthu kamene katayika kapena kakufunidwa, mukhalenso mau obwerezedwa amene kalasi lonse lingabvomere pamodzi. Zithunzi zace zikhale zoti mphunzitsi angafunsirepo kuti, kodi uyu akuganiza ciani? Kulemba motere nkobvuta kuposa kundandika maina a ziwiya, koma mwana amene wafunitsa kudziwa ngati mbuzi yapezeka adzalimbana ndi malemba mosakakamizidwa.

Anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu ali ndi gawo lao. Ambiri ali ndi ang'ono ao kunyumba, ndipo posacedwa adzakhala ndi ana ao. Safunika ndalama kuti akambire mwana nthano madzulo, kumuuza kuti aibwereze mawa, kumufunsa zimene waona kumsika, ndi kudikira moleza mtima kufikira atatsiriza kunena. Amene ali ndi buku awerenge naye, aime pakati, namfunse cimene ayesa kuti cidzacitika. Akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera kumva ndi kumvedwa adzafika kwa mphunzitsi ali ndi nkhani zace kale, ndipo cotsala cidzakhala kumuonetsa maonekedwe a mau amene iye awadziwa.